Chikombole Chisazizire

Ine kwathu ndi ku Utale, kumtunda kwa chimanga ndi mbuzi, kumene nsomba timaiona itauma kale pamsika. Nditakwatira kutsidya kwa Shire, m'mudzi wina woyandikana ndi Liwonde, ndinalowa chikamwini pakhomo pa anthu amene moyo wawo wonse unali pamadzi. Masana ndinkapalasa kabaza pasiteji, madzulo n'kubwerera kwa mkazi wanga miyendo itatheratu. Za maukonde sindinkadziwa kanthu, ndipo kunena zoona sindinkafunanso kudziwa.

Apongozi anga aakazi anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu oposa thupi. Akamakalipira nkhuku zawo, ndi abakha a pakhomo lina omwe ankathawa. Ntchito yawo inali yachilendo kwa munthu wamayi, chifukwa ankaumba mitovu ya chavi. Chavi ndi ukonde wozungulira uja msodzi amauponya ataimirira m'bwato, ndipo m'mphepete mwake monse amamangiriramo timitovu kuti umire msanga nsomba zisanathawe. Apongozi timitovuto ankatitchula kuti zipolopolo. Akuti bambo wa malemu amuna awo ankaumba zipolopolo zenizeni za mfuti ya gogodela yoopsezera mvuu m'minda. Mfutiyo inapita kalekale, koma dzinalo linatsalira pakhomo.

Chuma chawo chachikulu chinali chikombole chimene anawasiyira malemu. Chinali cha zitsulo ziwiri zotsekeka pamodzi, zogwirira zake zamtengo zitada bii ndi utsi. M'kati munali timaenje, ndipo pakati pa timaenjeto ankapisapo sipoko ya njinga kuti chipolopolo chituluke ndi chibowo cholowetsapo chingwe. Mtovu ankausonkhanitsa kwa okonza matayala ndi kwa asodzi a machavi ong'ambika, n'kuusungunula m'kampoto pambaula, kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mango.

Zonsezi ndinkangozionera patali, chifukwa kumeneko mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Tikakumana panjira, iwo ankalowa m'chinangwa, ine n'kukhotetsera njinga kutchire ngati ndaona njoka. Moni wathu ankadzera mwa mkazi wanga. Chaka chinatha ndili pakhomopo, koma apongozi ndinkawadziwa zidendene, mpango wakumutu ndi mawu basi.

Vuto linayamba manja awo atayamba kunjenjemera. Poyamba mkazi wanga ndiye ankawathirira mtovu, koma atakhala ndi pakati, anamwino kusikelo anamuletsa kwamtuwagalu kuyandikira utsi umenewo. Apongozi anayesa okha, ndipo tsiku lina chipande chinagwedezeka, mtovu n'kuwagwera paphazi. Balalo silinali lalikulu, koma mbiri yake inathamanga mpaka ku Ngokwe, kwa mchimwene wawo wamkulu, amene mkazi wanga amawatchula kuti amjomba. Iwowo ndiwo eni mbumba, ndipo akalankhula nkhani imatha. Anaimba foni kunena kuti sakufuna kudzaika mlongo wawo atapsa ndi moto, choncho abwera kudzatenga chikombole akachipereke kwa mwana wawo wosodza kunyanja ya Chiuta.

Amjomba sanali oipa mtima, iyayi. Koma kuchokera tsiku limenelo pakhomo panangoti zii. Nkhuku zinkalowa mpaka m'nyumba popanda wozikalipira. Chakudya cha apongozi chinkabwerera m'mene chapitira. Madzulo ena mkazi wanga anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Bambo, chikombole chija chikachoka pano, amayi sachedwa kutsatira abambo kumanda. Ine ndikuwadziwa."

Ndinamuyang'ana, n'kuyang'ana manja anga a zikundu za khasu ndi mahandulo a njinga. Ndinati, "Kawauze kuti manja alipo. Nzeru zokha ndi zomwe kulibe."

M'mawa mwake sukulu inayamba, ndipo sukulu yopusa ngati imeneyo simunaionepo. Ine ndinakhala pambaula patsinde pa mango. Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe kuti tisaonane. Mkazi wanga anakhala pakhonde, kutali ndi utsi, ntchito yake kunyamula mawu. Phunziro loyamba linali la madzi. Dontho limodzi lokha likagwera mumtovu wosungunuka, umaphulika n'kukuthira kumaso. Tsono Liwonde ya mwezi wa Okotobala mukuidziwa, munthu amatuluka thukuta atangokhala. Apongozi anatumiza mpango wawo wamaluwa ofiira kuti ndimange pachipumi, ndipo mnzanga wina wa kabaza atandiona podutsa, siteji yonse inanditcha anakubala mpaka mvula kugwa.

Kusungunula mtovu sikunandivute, kuthiranso ayi. Chimene chinandizunguza mutu ndi kutentha kwa chikombole. Musanathire mumayamba mwachiwotha pamphepete pa mbaula. Chikakhala chozizira, mtovu umauma usanadzaze dzenje, chipolopolo n'kutuluka chamakwinya kapena chodukira panjira. Chikatenthetsa, mtovu umachedwa kugwira, umalowerera m'mphako, chipolopolo n'kutuluka chotuwa mbuu, chili ndi ndevu zakuthwa zodula ulusi wa ukonde. Pakati pa ziwirizi pali kampata kakang'ono kamene zipolopolo zimatuluka zosalala ndi zonyezimira, ndipo ine kampata kameneko kankandithawa tsiku ndi tsiku.

Zikazizira ndinkaziika m'mbale n'kuikankhira kunkhokwe ndi nsungwi. Kenako mawu aja ankaphulika.

"Uwauze a ku Utale kuti atiumbira nkhope za nkhalamba! Chikombole chazizira!"

"Akuti chazizira!" anatero mkazi wanga pakhonde.

"Ndamva kale! Ndi ng'ona za kubaraji ya pa Shire zomwe zamva!"

Ndikachiwotha kwambiri, mbale inkabwerera ndi uthenga wina. "Uwauze kuti kuno sitiumba atonde. Ndevu akasiye kwawo!"

Ndinkapsa mtima, koma m'kati ndinkasangalala, poti mawu anali atabwerera pakhomo. Amene anatopa msanga ndi mkazi wanga. Miyendo inali itayamba kumutupa, ndiye tsiku lina anaimirira n'kunena kuti, "Ine si foni yanu. Nonse muli ndi makutu." Analowa m'nyumba kukagona.

Moto unangonyeka pachabe. Kenako ndinamva kukwakwaza. Apongozi anali akukoka mphasa chafutambuyo, n'kuipachika pachingwe choyanikira zovala, pafupi ndi mbaula. Anakhala tsidya lina la mphasayo, ine tsidya lino, ndipo ndinkangoona zala za kuphazi kwawo ndi nsanza yomanga pabala.

"Iwe mbaula," anatero, "umuuze mnzako wakhala nayeyo kuti asathamange. Mtovu si pasenjala."

Ndinatsokomola kaye kuti ndisaseke. "Mbaula, uwauze amayi kuti ndamva."

Mbaula ija inatumikira bwino kuposa mkazi wanga, chifukwa sinkatopa ndiponso sinkawonjezera zake. Kudzera mwa iyo ndinamva zambiri. Ndinamva kuti malemu anali munthu wofatsa wosadziwa kukalipa, moti apongozi ankakalipira asodzi m'malo mwawo. Ndinamva kuti amuna awo atadwala, ankagona pamkeka patsinde pa mango pomwepo n'kumawayang'ana akuthira, mpaka tsiku limene anati, "Basi, wandiposa." Nanenso ndinaiuza mbaula za mayi anga amene anamwalira ndili wamng'ono, zinthu zimene ngakhale mkazi wanga sindinamuuzepo bwino. Kuseri kwa mphasa kunkangomveka kuti, "Mmm, pepa mbaula, pepa." Ndinayamba kuwakonda mayi amenewa ndisanawaone nkhope.

Koma zipolopolo sizinkasintha. Zabwino zinkatuluka mwangozi, kenako makwinya, kenako ndevu. Apongozi ankadziwa cholakwa akazigwira m'manja, koma pamenepo mtovu unali utathiridwa kale. Ndinafunsa mbaula kuti, kodi amayi amadziwa bwanji asanathire? Yankho linali lakuti, "Ndimangodziwa." Ndinafuna kulavulira pamsana pa chikombole monga timachitira ndi simbi, ndipo ndodo inamenya mphasa kuti phwaa, fumbi lonse kumaso kwanga. Ndinayesa kukhudzitsa kapepala kuti ndione ngati kapserera, ndinayesa kuwerenga chamumtima, zonse osathandiza. Tsiku lina ndinaponya chipande pansi n'kukuwa kuti, "Mbaula, ine ndinabwera kudzakwatira kuno, osati kudzawotcha zala!"

Kuseri kwa mphasa sikunabwere chikalipo. Anangoti, motsitsa, "Mbaula, mawu andithera. Chinthuchi sichili m'kamwa mwanga."

Lachisanu madzulo amjomba anaimba kuti afika mawa lake.

Loweruka ndinayatsa mbaula dzuwa likutuluka, mtima utasweka. Ndinkati ndithire komaliza, apongozi amveko fungo la ntchito yawo chikombole chisanapite. Ndili mkati mokupiza moto, ndinamva chingwe chikuduka kuti thu, mphasa n'kugwa pansi. Ndinazyolika msangamsanga, maso pa makala.

"Dzutsani mutu, bambo," anatero. Sanalankhule ndi mbaula. "Manyazi tidzachita mawa."

Ndinadzutsa mutu. Anali ndi nkhope yaing'ono, maso ofiira ndi utsi, ndipo tsaya lawo lakumanzere linali lakuda ndi losalala kuposa linzake. Anayala mphasa ija pansi, n'kukhala pambali panga penipeni. Ananyamula chikombole pamphepete pa mbaula ndi manja awiri onjenjemerawo, n'kuchiyandikiza kutsaya lakudalo, motalikira ngati chikhatho chimodzi. Anapukusa mutu. Kenako anachitembenuzira kwa ine.

"Musasunthe. Mukumva chiyani?"

"Kufunda, amayi. Ngati dzuwa la m'mawa."

"Sichinafike."

Anachibwezera pamoto, tinadikira, anachinyamulanso. Ulendo uno kutentha kunandikwera patsaya mpaka diso linayamba kuphethira lokha.

"Pamenepo!" anakuwa. "Diso likafuna kutsinzina lokha, koma msozi usanatuluke. Msozi ukatuluka ndiye kuti chapitirira, mutsegule chipume mphepo. Thirani, Bismillah!"

Ndinathira. Nditatsegula n'kusolola sipoko, zipolopolo zinagwera m'beseni zosalala, zonyezimira, zopanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinathiranso, zomwezo. Abale inu, ndinafuna kuvina. Ndinati, "Amayi, masabata onsewa chinsinsi chinali patsaya?" Iwo anati, "Nanga ndikanalifika bwanji tsaya la mkamwini?"

Amjomba anafika dzuwa litakwera, atavala kofia yoyera, thumba lopanda kanthu atalipinda kukhwapa. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuima chilili.

"Astaghfirullah! Achemwali, mwakhala mphasa imodzi ndi mkamwini?"

"Achimwene, takulandirani," anayankha apongozi, osatembenuka. "Mwadzera mphasa kapena chikombole?"

"Chikombole."

"Ndi icho. Nyamulani."

Amjomba anawerama, anatambasula dzanja, n'kulibweza mofulumira. Zogwirira zinali m'manja mwanga, ndipo chitsulo chotentha choncho sichikanalowa m'thumba osalibowola.

"Ndidikira chizizire," anatero.

"Dikirani, achimwene. Mwana akupatseni tiyi."

Anakakhala pakhonde pomwe ankationa bwino, ndipo apongozi anandinong'oneza kuti, "Chisazizire." Tinagawana ntchito popanda kupangana. Chipande ndi kampoto zinali zanga, iwo sankazikhudza. Chawo chinali kutentha. Ndikathira kangapo chikombole chinkatenthetsa, tsono tinkachitsegula kuti chipume. Amjomba akangoona chatsegulidwa ankaimirira, n'kukutumula thumba lawo, n'kuyamba kubwera. Asanafike pakati pa bwalo, apongozi ankachiyandikiza kutsaya n'kukuwa kuti, "Thirani!" Amjomba ankabwerera kukakhala. Anachita zimenezi mpaka mkazi wanga anathawira kubafa kukasekera kumeneko.

Masana amjomba anaganiza kuti atipeza. Kumzikiti kutamveka azana, anaimirira n'kunena kuti, "Akamwini, tiyeni tikaswali." Eni mbumba akakuitanira kumzikiti ungakane? Ndinayang'ana apongozi. Iwo anati, "Pitani, bambo. Chipande sindichigwira, ndalumbira. Ine ndiswali mukabwera."

Mulungu andikhululukire, swala imeneyo thupi linali mumzikiti koma mtima unali patsinde pa mango. Pobwerera amjomba ankayenda mwachifatse dala, kupereka moni kwa aliyense, kufunsa ndi za mbuzi zomwe. Titafika tinawapeza apongozi ali pomwe paja, dzuwa likuwawomba pamutu chifukwa mthunzi unali utasuntha. Chikombole chinali pamphepete pa mbaula, akuchitembenuza pang'onopang'ono, ndipo chipande chinali pomwe ndinachisiya. Anandiumitsa manja ndi ndevu pamoto kaye, kuopa madzi osamba kumzikiti, kenako anabweretsa chikombole kutsaya langa. Diso linaphethira. Sichinazizire ndiponso sichinapitirire.

Iwo atapita kukaswali ndinapitiriza ndekha, ndipo atabwerako anapeza ndili kakasi. Mtovu unali utatha, m'kampoto mutatsala zinyalala zokhazokha. Beseni linali lodzaza ndi zipolopolo zokongola, zoyamba m'moyo wanga zoti msodzi angazilandire osatukwana. Apongozi anayang'ana kampoto, anayang'ana kukhonde, kenako ndi phazi lawo labala lija anakankhira beseni kwa ine.

Mtima unandipweteka, osanama. Ndinatapa zodzaza manja n'kuzibwezera m'kampoto, ndipo ndinaziona zikusungunuka chimodzichimodzi. Tinaumba, tinasungunula, tinaumbanso zomwezo. Makala atatha, mkazi wanga anabweretsa ake ophikira n'kuwasiya pakati pa bwalo kuti ndikatenge. Msana unandiwawa, mpango wamaluwa uja unanyowa n'kuuma n'kunyowanso. Apongozi milomo inawauma gwa, manja akunjenjemera kuposa m'mawa, koma ulendo uliwonse ankanyamula chitsulocho mpaka kutsaya. Ndinati, "Amayi, pumulani, ndiyesa ndekha." Anati, "Mukudziwa kale, bambo. Koma lero ndisiyeni."

Dzuwa litapendeka, amjomba anayang'ana kumwamba, anapinda thumba lawo n'kulibwezera kukhwapa. Anati galimoto yomaliza yopita kwawo iwasiya. Anatsanzika mlongo wawo mwachidule, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze panjinga.

Anakwera kumbuyo, tinanyamuka. Ine ndinkapalasa mwaulemu, kuzemba timaenje tonse, ndikudikira chiweruzo. Titafika pasiteji anatsika, anakonza kofia, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akamwini, ine ndakulira pamadzi. Mukuganiza kuti sindinaone kuti mukusungunula zomwezomwezo?"

Ndinasowa poyang'ana.

"Achemwali anga chimwalirireni alamu sindinawaonepo maso ali gwa ngati lero," anatero. "Chikombole chikhale. Koma chipande chisabwererenso m'manja mwawo, mwamva? Akadzapsanso ndidzatenga chikombolecho pamodzi ndi inu nomwe." Kenako anaseka, n'kuwonjezera kuti, "Ndipo mpangowo muvule musanalowe m'tauni, mukutichititsa manyazi."

Ndinali nditaiwala kuti udakali kumutu.

Ndinapalasa chobwerera ngati ndikuthamangitsidwa, kuti ndikawauze. Ndinawapeza atakhala pamphasa paja, moto utazima, chikombole chili pamiyendo pawo. Anali atachipukuta, ndipo ankachikulunga m'chitenje chakale mosamala ngati khanda. Ndinagwada chapatali n'kunena kuti, "Amayi, amjomba akuti chikhale. Ndi chanu, palibe achitenge."

Anagwedeza mutu, osadabwa. Anamaliza kumanga mfundo ndi zala zawo zovutikazo, ndipo zinawatengera nthawi. Kenako anatambasula manja onse awiri kundipatsa.

"Kasungeni kunyumba kwanu, mwanangu," anatero. "Ine ndimaopa kuti chipita kwa munthu amene sindinamuphunzitse. Mawa muyatse moto msanga, asodzi akudikira."

Ndinasendera pafupi chogwada, n'kuchilandira ndi manja awiri. Chinali chikadali chofunda.